KHUTU NDI AMANA: NYIMBO ZA M'FONI NDI MABANJA ATHU

Mawu a mwalimu wa madrasa yathu, omwe analankhulidwa pabwalo la mzikiti itatha swala ya Eid-ul-Fitr. Komiti yawasindikiza monga m'mene analankhulidwira kuti ndi omwe sanafike awerengere mabanja awo.



Tiyambe ndi kuthokoza Allah amene watisunga mpaka tamaliza mwezi wa Ramadhan, pomwe ena amene tinauyamba nawo limodzi sanaumalize. Mtendere ndi madalitso zipite kwa Mtumiki wathu Muhammad, swalla Allahu alaihi wasallam, akubanja kwake ndi maswahaba ake onse.

Olemekezeka a Shehe, a Imamu athu, a Tcheyamani ndi mamembala a komiti ya mzikiti, mafumu athu, azibambo ndi azimayi, achinyamata, ndi inu ana athu a ku madrasa, Eid Mubarak kwa nonse.

Komiti itatipempha kuti tilankhulepo lero, ena anaganiza kuti tikamba za malata a denga la madrasa. Zimenezo a Msungichuma afotokoza okha. Ife tabwera ndi nkhani ya kanthu komwe pafupifupi aliyense pabwalo pano wakasunga m'thumba, ndi zomwe kanthuko kakuthira m'makutu mwathu ndi mwa ana athu.

ZOMWE TAONA M'MWEZI WATHAWU

Usiku wina wa m'khumi lomaliza tili pa tarawehe, a Imamu ali pakati pa surah, m'thumba mwa m'bale wathu wina munalira nyimbo. Sikunali kulira kwa foni wamba ayi, inali nyimbo yovina, ya ng'oma zake ndi magitala ake. Mwini wake anayesa kuifinya ali chiimire koma inakana kuzima, ndipo ana a mzere wakumbuyo anayamba kugwedezeka mapewa pobisa phwete. Dzina sititchula, ndipo amene mukuwadziwa musawayang'ane, chifukwa mawa zikhoza kutigwera ife tomwe. Tingonena kuti sanali mnyamata. Anali bambo wa imvi zake.

Sabata yomweyo ku madrasa kunabwera mayi wina kudzadandaula za mwana wawo wamkazi. Anati, "A mwalimu, mwana uja wayamba mwano. Ndimamuitana katatu, kanayi, ali pakhonde pomwepo akusadzula masamba, koma osayankha." Titakhala naye pansi mwanayo tinapeza kuti si mwano. Pansi pa hijabu anali ndi mahedifoni, waya wake atadutsa m'kati mwa diresi. Mayi ake ankaitana, iye osamva. Adhana inkamveka, iye osamva. Mwana wabwinobwino, wosunga swaumu yake, koma makutu ake anali atabwerekedwa ndi ena.

Nkhani ziwirizi zikutiuza kuti vutoli si la ana okha, ndiponso si la anthu oipa. Ndi la nyumba zathu tonse.

M'MENE TINKAMVERA KALE

Ife amene tili m'zaka za m'ma 30 tinakula ndi wailesi ya kaseti. Kaseti inatulutsidwa ndi kampani ya Philips m'chaka cha 1963, koma kumidzi kwathu kuno inalamulirabe mpaka m'zaka za m'ma 2000. Ya C60 inkalira mphindi 30 mbali imodzi, ya C90 mphindi 45, ikatha munthu unkadzuka kukaitembenuza. Mabatire akayamba kufooka woimba ankakoka mawu ngati wodwala, ndiye pofuna kuwasunga tinkabweza tepi ndi cholembera. Wailesi inali ya abambo, inkakhala pamwamba pa kabati itafunditsidwa kansalu koluka. Ikalira nyumba yonse inkamva, ndi a nyumba yoyandikana omwe. Mnyamata akabwera ndi kaseti ya mawu olaula, sipankatha mphindi ziwiri agogo asanafuule ali kuseri kuti, "Iwe, tazimitsa zimenezo!" Magharibi ikakwana panalibe zokambirana, wailesi inkazimitsidwa.

Sitikunena kuti anthu a nthawi imeneyo anali oyera mtima kuposa a lero. Machimo analipo, ndipo ena a inu mukuwakumbukira bwino. Koma kumvera nyimbo kunali ndi mipanda itatu yomwe palibe anachita kuimanga. Nyimbo zinali zochepa. Nyimbo zinali ndi pothera. Nyimbo zinkamvedwa poyera. Lero mipanda itatu yonseyi yagwa, ndipo yagwa ife tili mtulo.

M'MENE MIPANDA INAGWERA

Mpanda woyamba unagwa chifukwa cha njira yofinyira mawu yotchedwa MP3, yomwe inakhazikitsidwa m'chaka cha 1993, ndipo akatswiri a ku Fraunhofer m'dziko la Germany ndiwo anagwirapo ntchito yaikulu. Nzeru yake njakuti makina amataya tizigawo ta mawu tomwe khutu la munthu silimva bwino n'kusiya tomwe limamva. Potero nyimbo imachepa pafupifupi kakhumi poyerekeza ndi ya pa CD. Nyimbo ya mphindi zinayi imatenga malo a ma megabyte anayi okha. Ndiye kuti memory card ya 8 GB, kanthu kofanana ndi chikhadabo, imanyamula nyimbo pafupifupi 2,000. Pa kaseti ya C60 pankakwana nyimbo 15 zoterezi. Werengani nokha, kakhadi kamodzi n'chimodzimodzi makaseti oposa 130. Mwana safunikanso kupempha ndalama ya kaseti. Amapita pa kashopu koikitsa nyimbo kumsika, kapena mnzake amangomuponyera pa Bluetooth kapena pa WhatsApp, kanthawi kochepa foni yadzaza. Mwinanso foniyo ndi yomwe achimwene ake anatumiza kuchokera ku Joni kuti azilankhulirapo ndi amayi.

Mpanda wachiwiri unagwa ndi intaneti. YouTube inayamba m'chaka cha 2005, Spotify m'chaka cha 2008 ndipo inafika kuno ku Malawi mu 2021. Palinso Boomplay, Audiomack, TikTok ndi zina. Kumeneku nyimbo ikatha ina imayamba yokha. Makina amasunga zomwe mwamvera mpaka kumapeto, zomwe mwabwereza ndi zomwe mwadumpha, kenako amakusankhirani ina yofanana ndi yomwe munaikonda. Si ufiti, ndi malonda. Mukakhalitsa pamenepo mumaona zotsatsa malonda zambiri, kapena mumalipiranso mwezi wotsatira. Kaseti ija ikafika kumapeto inkachita kuti "kha!" munthu n'kukumbuka kuti sunatunge madzi. Izi zilibe "kha".

Mpanda wachitatu unagwa ndi mahedifoni. Si atsopano, pakuti Sony inatulutsa Walkman m'chaka cha 1979, koma kwathu kuno anali a anthu owerengeka. Lero amagulitsidwa pa benchi ngati machesi, ndipo ena alibe ndi waya womwe, amabisala pansi pa hijabu kapena chipewa. Abale, mpanda uwu ndi womwe ukutipweteka kwambiri. Agogo aja ofuula kuseri sangafuulenso chifukwa sakumva kanthu. Nyumba ili zii, kholo n'kumayamika kuti ana anga ngofatsa, pomwe m'makutu mwa mwana muli mlendo amene akumulankhula maola ndi maola. Ife ku madrasa timakhala naye maola awiri, pamodzi ndi anzake odzaza kalasi. Mlendoyo ali naye yekha, mpaka pamphasa yogonera. Mlendo akafika pakhomo timamulonjera, kumufunsa kumene achokera ndi chomwe wadzera. Uyu walowa kuchipinda kwa ana athu popanda odi.

KODI NYIMBO NDI HARAMU?

Tikudziwa kuti ena mwayamba kale kudikira liwu limodzi, haramu kapena halali, kuti mukalitenge ngati chikoti kunyumba. Kupereka fatwa si ntchito yathu, a Shehe ali pano. Koma zomwe tinaphunzira tinene mosabisa.

Maulama ambiri a madhihabu anayi, kuphatikizapo a madhihabu ya Imam Shafi'i yomwe ambiri a ife timatsatira, analetsa zida zoimbira monga za zingwe ndi zitoliro, naloleza dufu, makamaka pa ukwati ndi pa chikondwerero. Umboni wawo ndi hadith ya mu Bukhari yochenjeza za anthu amene adzatenge zida zoimbira kukhala zololedwa, komanso ayah 6 ya Surah Luqman yokamba za nkhani zachabe zosocheretsa anthu, yomwe swahaba Abdullah ibn Mas'ud (R.A.) anaimasulira kuti ikunena za kuimba. Analiponso maulama ena, monga Ibn Hazm wa ku Andalusia amene anamwalira m'chaka cha 1064, omwe sanakhutire ndi umboniwo ndipo analoleza. Imam al-Ghazali, amene anamwalira m'chaka cha 1111, analemba gawo lathunthu la nkhani ya kumvera m'buku lake la Ihya Ulum ad-Din. Iye anaphunzitsa kuti tiziyang'ana woimbayo, chida chake, mawu ake, mtima wa womverayo, ndi kuchuluka kwa kumverako.

Poti lero ndi Eid, tikumbukirenso nkhani yomwe ili mu Bukhari ndi Muslim. Tsiku la Eid Abu Bakr (R.A.) analowa m'nyumba mwa mwana wake Aisha (R.A.) napeza atsikana awiri akuimba, Mtumiki (S.A.W.) ali momwemo. Abu Bakr anawakalipira, koma Mtumiki anamuuza kuti awasiye popeza linali tsiku la chikondwerero. Choncho Chisilamu si chipembedzo cha nkhope zokwinya, ndipo nafenso tili ndi makaswida athu ndi madufu a pa ukwati. Koma taionaninso bwino nkhaniyo. Kuimbako kunachitika poyera, mwini nyumba akumva, bambo wa Aisha akumva, pa tsiku lodziwika, ndipo kunali ndi pothera. Mipanda itatu ija yonse inalipo.

Tsono pali zomwe maulama onse, oletsa ndi ololeza omwe, sasiyanapo. Nyimbo yotamanda mowa, chamba ndi chiwerewere, yotukwana akazi, yonyoza Allah ndi atumiki ake, njoletsedwa, kaya ili ndi gitala kaya ilibe. Chilichonse chomwe chikukugwira mpaka nthawi ya swala kudutsa nacho n'choletsedwa pa nthawiyo. Tikanangogwira pa zomwe anagwirizanazi, zambiri zomwe zili m'mafoni mwathu zikanafufutidwa lero dzuwa lisanalowe. Vuto lathu nlakuti timakonda kukangana pa zomwe maulama anasiyana, kuti tiiwale zomwe anagwirizana.

Ayah 36 ya Surah Bani Israil imatidziwitsa kuti makutu athu, pamodzi ndi maso ndi mtima, adzakhala ndi mlandu woyankha. Ndiye kuti khutu ndi amana, chinthu chomwe tasungitsidwa ndipo mwini wake adzachifunsa. Diso lili ndi chikope, pakamwa pali milomo, koma khutu linalengedwa lopanda chitseko. Chitseko chake ndi mwini wakeyo, ndipo kwa mwana wamng'ono chitseko chake ndi kholo.

KHUTU LENILENILO LIMAONONGEKA

Amana imeneyi ili ndi mbali ya thupi, ndipo apa tikamba zomwe tinaphunzira kusukulu. M'kati mwa khutu muli kachiwalo kopindika ngati chigoba cha nkhono. M'menemo muli timaselo tokhala ndi titsitsi tating'onoting'ono, tomwe timasandutsa kunjenjemera kwa mawu kukhala uthenga wopita ku ubongo. Phokoso lalikulu la nthawi yaitali limapha timaseloti, ndipo tikafa sitimeranso. Madzi akatayika saoleka.

M'chaka cha 2015 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linachenjeza kuti achinyamata oposa 1 biliyoni a zaka za pakati pa 12 ndi 35 ali pachiopsezo choononga makutu chifukwa cha kamvedwe kosasamala. Kukula kwa phokoso amakuyeza m'ma decibel. Kucheza wamba kwa anthu kumakhala cha pa 60. Bungweli limati munthu wamkulu angathe kumvera pa 80 kwa maola 40 pa sabata osavulala, koma pa 90 ndi maola anayi okha pa sabata. Foni yokwezedwa mpaka kumapeto, mahedifoni ali m'khutu, imatha kupitirira 100. Ndiye malangizo awo ngakuti voliyumu isapitirire magawo 60 pa 100.

Tilibe makina oyezera, koma zizindikiro zilipo. Ngati wokhala pambali pako akumva nyimbo yotuluka m'mahedifoni ako, yakwera kwambiri. Ngati ukawachotsa m'khutu mukulira ngati nyenje, kapena ukumva ngati mwalowa thonje, khutu layamba kudandaula. Choopsa n'chakuti kugonthaku kumabwera pang'onopang'ono, kopanda ululu, munthu n'kudzazindikira patapita zaka pamene aliyense akumubwerezera mawu kawiri. Ndipo khutu silisankha. Nashidi kapena Qur'an yomwe, ikakhala pa voliyumu yomweyo, imaononga chimodzimodzi. Nafenso amene timakweza zokuzira mawu pa maukwati mpaka makanda akulira, nkhaniyi ikutikhudza.

Kulinso ngozi ya pamsewu. Mnyamata wa kabaza wotseka makutu onse awiri sangamve hutala ya lole kumbuyo kwake, ndipo wanyamula moyo wa munthu wina. Mwana wa sukulu woyenda m'mphepete mwa msewu waukulu chimodzimodzi.

NTHAWI, NDALAMA NDI THUKUTA LA ENA

Tiyerekeze mwana womvera maola atatu pa tsiku. Pa sabata ndi maola 21. Pa chaka ndi maola 1,095, kapena kuti masiku 45 athunthu, usana ndi usiku. Ndi nthawi yoposa Ramadhan yonse yomwe tangoimalizayi.

Juzu Amma ili ndi ma surah 37. Pali ana amene amatiuza kuti, "A mwalimu, mutu wanga ngwouma," chifukwa alephera kuloweza Surah al-A'la ya ma ayah 19. Ana omwewo tikawamvera kuseri kwa kalasi akuimba nyimbo ya ku Nigeria kapena ya ku South Africa kuyambira poyamba mpaka pomaliza osaphonya liwu, chinenero chakecho osachidziwa n'komwe. Makolo, mitu ya ana athu si youma. Mutu umasunga chomwe wamva kambirimbiri. Nyimbo ija waimva tsiku ndi tsiku kwa mwezi, surah waimva kawiri kwa mwalimu wotopa. Ndipo poti tanthauzo salidziwa, nthawi zina mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri amaimba pamaso pa agogo ake mawu omwe atamasuliridwa m'Chichewa nyumba yonse ingagwe nkhope.

Za ndalama tinena pang'ono, mungati tikudzilankhulira. Ola limodzi la nyimbo pa intaneti limadya ma megabyte pafupifupi 60, ndipo zikakhala za kanema zimadya kangapo kuposa pamenepo. Onjezanipo ya tchaji kwa amene alibe magetsi kapena sola. Bandulo ikatha ndalama imapezeka tsiku lomwelo. Ya kope kapena ya fizi ya madrasa ndi yomwe imadikira kukolola.

Palinso haki ya woimba. Amene anajambula nyimbo kapena kaswida analipira situdiyo. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza ntchito za aluso, lomwe linakonzedwanso m'chaka cha 2016, ndi bungwe la COSOMA lomwe linakhazikitsidwa m'chaka cha 1992. Magulu athu a makaswida amajambula ndi ndalama zosonkherana, ife n'kumangoponyerana mwaulere, kenako n'kumadandaula kuti zomvera zabwino za Chisilamu n'zochepa. Thukuta la munthu ndi haki yake. Gulu likabwera ndi ntchito yake, tigule.

FONI YOMWEYO ILI NDI CHUMA

Wina asachoke pano n'kumati a mwalimu atukwana foni. Mpeni womwe umasenda chinangwa ndi womwenso umacheka chala. M'chaka cha 1961 ku Egypt, Sheikh Mahmoud Khalil al-Husary anakhala woyamba kujambulitsa Qur'an yonse m'kawerengedwe ka murattal, kodekha, komveka chilembo chilichonse. Makolo athu akapeza kaseti imodzi ya Sheikh Abdul Basit yobwera ndi munthu wochokera ku Hajj, inkayenda nyumba ndi nyumba mpaka tepi kuduka, n'kuilumikiza. Lero ma surah onse 114 amakwana pa kakhadi kaja, malo n'kutsala. Palinso zojambula za aphunzitsi. Mu za Sheikh Husary shehe amawerenga ayah n'kusiya mpata woti ubwereze, mu za Sheikh Minshawi ana amabwereza pambuyo pake. Agogo athu amene ankayenda mitunda kufuna mwalimu akanaona izi akanalira ndi chimwemwe.

M'Ramadhan ino tinayesa kanthu ndi kalasi ya Juzu Amma. Tinapempha makolo amene ali ndi foni kuti futari ikapsa, banja likudikira adhana, aziika surah ya sabata imeneyo pa sipika katatu, onse atakhala pansi. Ana a m'nyumba zimenezo ankabwera atagwira kale kamvekedwe, ife n'kungokonza zilembo. Amayi ena anatiuza kuti nawonso aloweza surah zomwe zinawakanika ali atsikana.

Koma chumachi chili ndi adabu yake. Ayah 204 ya Surah al-A'raf imatilamula kutchera khutu ndi kukhala chete pamene Qur'an ikuwerengedwa. Kuiika kuti izingolira m'golosale anthu akunenerera mitengo, kapena pa bawo anthu akuseka, si ulemu. Kuiika ngati kulira kwa foni nakonso n'kolakwika, chifukwa poyankha timadula ayah pakati, ndipo foni imalira ngakhale tili kuchimbudzi. Komanso foni imalankhula koma simva. Singakuuze kuti wasokoneza sin ndi swad, kapena kuti wafupikitsa pofunika kukoka. Qur'an inafika kwa ife kuchokera pakamwa kupita pakamwa, kuyambira kwa Jibril kupita kwa Mtumiki (S.A.W.), kwa maswahaba, mpaka kwa mashehe athu. Foni ndi wothandizira mwalimu, siilowa m'malo mwake. Ana azibwerabe ku madrasa.

ZOMWE TIKUPEMPHA NYUMBA ILIYONSE

Mipanda yakale inagwa ndipo sidzadzuka yokha. Tiyenera kuimanga ndi manja athu. Tikupempha zinthu zisanu ndi chimodzi.

1. M'nyumba, chomvera chizimvedwa pa sipika osati m'mahedifoni. Chomwe sichingalire pamaso pa amayi sichiyenera kulira m'khutu mwa mwana wawo, ngakhalenso mwa mwamuna wawo.

2. Pakhale nthawi zopanda foni: kuyambira adhana mpaka swala itatha, ndi pa chakudya. Usiku mafoni onse agone pamalo amodzi, kuyambira ya abambo. Lamulo lomwe abambo saligwira ana amalitenga ngati nthabwala.

3. Kholo likhale pansi ndi mwana, amuuze kuti aike nyimbo zitatu zomwe amazikonda, amvere limodzi, kenako amufunse tanthauzo lake. Nthawi zambiri mwana amachita manyazi yekha. Kulanda foni kapena kuiphwanya sikuthandiza. Akabwereka ya mnzake, ndipo chomwe waphunzira ndi kubisa basi.

4. Voliyumu ikhale cha pakati. Pamsewu, panjinga ndi pa njinga yamoto makutu akhale otsegula. Amene khutu likulira kapena akuvutika kumva apite kuchipatala asanachedwe.

5. Pakhomo pa mzikiti tikavula nsapato tizimitsenso foni. Kulira kwake kukhale kwa foni wamba, osati nyimbo, osatinso ayah. Ikalira mwangozi muli pa swala, itulutseni muizimitse msanga, kusiyana n'kusokoneza jamaa yonse.

6. Mphindi khumi za Qur'an tsiku lililonse, banja lonse pamodzi, zipitirire ngakhale Ramadhan yatha.

KWA INU ACHINYAMATA

Sitinabwere kudzakuchititsani manyazi pa tsiku lanu la chikondwerero. Nafenso tili ndi mafoni, ndipo tivomereze pano kuti tsiku lina tinatsika minibasi, kutawaza bwinobwino, kuima pa swala, koma nyimbo ya m'minibasi ija ikulirabe m'mutu mpaka rakaa yachitatu. Sitinaisankhe, tinangoimva ulendo umodzi. Nanga amene amaisankha tsiku lililonse, swala yake imakhala ya ndani?

Ambiri a inu munasiya nyimbo mwezi wonse popanda wokukakamizani. Ena munachotsa kakhadi n'kukabisa m'sutikesi. Zimenezi zatisonyeza kuti mphamvu muli nayo, foni siikuposani. Tikudziwanso kuti ena mwakonzeka kukabwezera kakhadiko madzulo ano. Musanatero, taunikani zomwe zilimo, imodzi imodzi, ndipo mudzifunse ngati mungakonde kuti imfa ikupezeni imeneyo ili m'khutu. Yomwe mtima wakana, ifufuteni. Allah wa Ramadhan ndi yemweyo wa Shawwal.

Mayi uja anabweranso Lachisanu lapitali. Foni sanalande. Anagwirizana ndi mwana wawo kuti mahedifoni azikhala pa msomali kukhitchini kuyambira Asr mpaka atadya mgonero, ndipo foni ya mayiyo nayo imagona pa kabati. Akuti tsopano mwana akuyankha pa kuitana koyamba, ngakhale masiku ena nkhope imakhala yokwinya. Tinawauza kuti apirire, m'mera mpoyamba.

Abale ndi alongo, akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Ngati tatsina mopweteka mutikhululukire. Chabwino chomwe chanenedwa chachokera kwa Allah, cholakwika chachokera kwa ife.

Tikupempha Allah atilandire swaumu yathu, swala zathu ndi zakaat zathu. Awakhululukire makolo athu amene anatsogola, awachiritse odwala athu, ndipo awasunge abale athu amene ali kutali pofuna zosowa za mabanja awo. Atisungire makutu athu ndi a ana athu, kuti azimva adhana ikamveka, azimva kholo likaitana, ndipo azimva mawu Ake ndi kuwatsata. Atifikitsenso Ramadhan ya chaka chamawa tili ndi moyo ndi imani. Amin.

Mukadye bwino mpunga wa Eid, ndipo musaiwale oyandikana nawo amene lero sanaphike.